Lock kapena blindside flanker: malo awiri amene amasokoneza zimphona za rugby

Pa 26 Okutobala 2019, m'bwalo la ku Yokohama m'dziko la Japan, mphunzitsi wa timu ya New Zealand, Steve Hansen, anachita chinthu chimene okonda rugby amatsutsanabe mpaka lero. Inali semifainolo ya chikho cha dziko lonse, ndipo ankakumana ndi England. Hansen anakhazika pa benchi Sam Cane, katswiri wolimbirana mpira pansi, n'kupereka jezi ya nambala 6, ya blindside flanker, kwa Scott Barrett, amene masiku onse amasewera ngati lock. Nzeru yake inali yomveka ndithu. England inali ndi ma flanker awiri othamanga koma osatalika kwenikweni, Tom Curry ndi Sam Underhill, choncho Hansen anaona kuti akawonjezera chimphona china, mipira yoponyedwa kuchokera kunja kwa bwalo izigwera m'manja mwa anyamata ake. Sizinatero. England inagoletsa try, chigoli chogunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, pasanathe mphindi ziwiri, inatsogola 10-0 popita kopuma, ndipo pobwerako Barrett anatsala pa benchi, Cane n'kulowa. Masewerawo anatha 19-7. Choseketsa n'chakuti try imodzi yokhayo imene New Zealand inapeza inachokeradi pa lineout, kuponya kochokera kunja kwa bwalo kuja, mpira wa England utaponyedwa molakwika n'kugwera Ardie Savea, koma apo n'kuti Barrett atavala kale jekete.

Patangotha sabata imodzi, m'bwalo lomwelo, South Africa inakwapula England 32-12 mu fainolo. Pa malo omwe aja amene Barrett anavutikira, South Africa inali ndi Pieter-Steph du Toit, wamtali mamita awiri, amenenso anakula akusewera ngati lock. Mawa lake anamusankha kukhala wosewera wabwino koposa pa dziko lonse wa chaka chimenecho. Mdani anali yemweyo, bwalo lomwelo, nzeru yofanana, koma kwa wina inabala misozi, kwa wina chikho.

Anthu ambiri amaganiza kuti lock ndi blindside flanker ndi ntchito imodzi, kusiyana manambala okha. Ukawaona ataima poimba nyimbo ya fuko, n'zoona amafanana: ataliatali, mapewa ngati chitseko. Koma ntchito zawo zimadya mphamvu za thupi mosiyana, ndipo wosewera amene akusankha pakati pa malo awiriwa kwenikweni akusankha kumene miyendo yake izikathera: pokankha kapena pothamanga.

Kwa amene rugby amangoionera patali, tiyambire pa chiyambi. Timu imakhala ndi osewera 15. Asanu ndi atatu mwa iwo, ovala manambala 1 mpaka 8, ndiwo ma forward. Dzinalo lisakunamizeni. Mu mpira wamiyendo wakutsogolo ndi womwetsa zigoli, koma mu rugby ma forward ndi aganyu a timu, amene amalimbana kuti mpira upezeke, ena aja othamanga n'kukagoletsa. Pakachitika cholakwika chaching'ono, monga kugwetsera mpira kutsogolo, asanu ndi atatuwa amagwirana n'kuwerama, mitu yawo n'kulukana ndi ya anzawo a mbali inayo, mpira n'kuponyedwa pakati. Imeneyo ndiyo scrum. Pamzere woyamba pamakhala atatu: ma prop awiri ndi hooker pakati. Kumbuyo kwawo kumabwera ma lock awiri, nambala 4 ndi 5. M'mbali mwa ma lock mumatsamira ma flanker awiri, ndipo kumbuyo kwenikweni kumakhala nambala 8. M'matimu a mayiko, anthu asanu ndi atatuwa akaphatikizidwa amalemera makilogalamu pafupifupi 900.

Tsopano taganizirani moyo wa lock mkati mwa mulu umenewu. Mutu wake amaulowetsa pakati pa chiuno cha prop ndi cha hooker. Phewa lililonse limakhazikika pansi pa thako la mmodzi wa iwo. Dzanja limodzi limakumbatira lock mnzake, linalo limadutsa pakati pa miyendo ya prop kukagwira kutsogolo. Akatero saona chilichonse koma udzu ndi nsapato. Makutu amapekesedwa mbali zonse, n'chifukwa chake ma lock ambiri amamanga tepi kumutu, ndipo amene anasewera zaka zambiri makutu awo amatupa n'kupindika ngati bowa. Amene anakankhapo lole yotitimira m'matope nthawi ya dzinja akudziwa mmene ntchafu zimanjenjemera ukaweramuka. Lock amachita zimenezo kangapo konse m'mphindi 80, ndipo akangodzuka amayenera kuthamangira kumene mpira wapita. Iye ndi amene amakhala pakati pa omaliza kudzuka, chifukwa ali pansi pa onse.

Ngakhale pakati pa ma lock awiriwo pali kusiyana. Mphamvu yaikulu ya scrum imagwera mbali ya kumanja, kwa prop wa nambala 3, amene mutu wake umapanikizika pakati pa adani awiri. Choncho lock wolemera ndi wamphamvu amaikidwa kumbuyo kwa ameneyo. Mnzakeyo nthawi zambiri amakhala wopepukirapo, wodumpha bwino, wowerenga masewera. South Africa itatenga chikho mu 2007 inali ndi chitsanzo chimene aphunzitsi amatchulabe: Bakkies Botha, munthu woopsa amene adani ankamumva m'nthiti, ndi Victor Matfield, amene ankalamulira mlengalenga ngati ndi kwawo. Izi n'zofunika pa nkhani yathu, chifukwa amene amatha kusamukira ku flanker kawirikawiri ndi lock wopepukayo. Wa mtundu wa Botha malo ake ndi amodzi basi.

Blindside flanker ali pafupi kwambiri ndi lock, mwina kutalikirana kwake ndi mkono umodzi, koma dziko lake ndi lina. Amagwira lock ndi dzanja limodzi, phewa limodzi n'kukankha prop, mutu uli kunja. Iye amaona. Scrum siichitika pakati penipeni pa bwalo kawirikawiri, choncho mbali imodzi imakhala yotakasuka, ina yopapatiza. Bwalo la rugby m'lifupi silipitirira mamita 70. Scrum ikakhala mamita 15 kuchokera pa mzere wa m'mbali, ndiye kuti uku kwatsala kampata ka mamita 15, uko chigwa cha mamita oposa 50. Flanker wa mbali yotakasuka, openside, amakhala wopepuka ndi waliwiro, ntchito yake kuthamangira mpira ndi kuulanda pansi. Wa mbali yopapatiza ndiye blindside, mlonda wa kampata kaja.

Kampatako n'kakang'ono koma kamapha. Otchinga ambiri amakhala atayalana ku mbali yaikulu, ndiye kuno kumatsala blindside ndi wing mmodzi, wothamanga wa kumphepete kwa bwalo. Nambala 8 wa adani akhoza kunyamula mpira pamapazi pake n'kubwera yekha ndi thupi lake lonse. Akhoza kupatsira scrum-half, wotola mpira ukamatuluka mu scrum, amene ndi wamng'ono koma wothamanga ngati gwape. Fullback, amene amaima kumbuyo kwa onse, akhoza kutulukira mwadzidzidzi n'kupanga atatu kulimbana ndi awiri. Blindside ayenera kuzindikira chimene chikubwera m'kanthawi kophethira diso, koma lamulo silimulola kusiya scrum mpira usanatuluke. Akafulumira, woyimbira amapereka penate. Akachedwa, munthu wadutsa. Ndipo akamangoyang'ana adani n'kuiwala kukankha, prop wake amabwerera m'mbuyo, ndipo ma prop sachedwa kukuuza mawu osasindikizika.

Apa ndi pamene lock wosamukira kumene amagwidwa. Zaka zonse thupi lake linazolowera kuti scrum ndi nthawi yotseka maso n'kupereka zonse. Tsopano akumuuza kuti akankhe ndi theka la thupi, maso ali kwina, mwendo wakunja uli wokonzeka kunyamuka. Si nkhani ya mphamvu ayi. Ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi sichibwera m'sabata imodzi yokonzekera semifainolo.

Tisanapitirire, pali msampha wa manambala umene wakanganitsa abale ambiri. Ku England, Ireland, New Zealand, Australia ndi mayiko ena ambiri, blindside amavala 6, openside 7. Ku South Africa n'zotembenuza: Siya Kolisi amavala 6 koma ndi openside, Du Toit amavala 7 koma ndi blindside. Ndiye wachibale wokhala ku Johannesburg akamatsutsana pa WhatsApp ndi mnzake wa ku Leicester kuti nambala 6 wabwino ndani, nthawi zambiri amakhala akukamba malo awiri osiyana osadziwa. M'nkhani ino ndikati blindside ndikunena ntchitoyo, nambala ikhale iliyonse.

Chimene chimakokera aphunzitsi kuika lock pa malowa ndi lineout. Mpira ukatuluka m'bwalo, ma forward a matimu onse amaima m'mizere iwiri, hooker n'kuponya mpira pakati. Kale aliyense ankadumpha yekha, koma kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malamulo analola kuti anzake awiri amunyamule wodumphayo m'mwamba. Kuchokera pamenepo lineout inasanduka masewera a nzeru ngati bawo. Timu imakhala ndi zizindikiro zachinsinsi, wina amanamizira kudumpha, anzake amasinthana malo, mpira n'kupita kwina. Amene amasankha koponya ndi mmodzi wa ma lock, kawirikawiri nambala 5, ndipo ntchito imeneyi njolemera: amaonera mavidiyo a adani sabata yonse, ndipo mpira ukalandidwa maso onse amakhala pa iye ndi hooker.

Ukakhala ndi odumpha awiri okha, adani amangoika munthu pa aliyense, basi watsekeredwa. Ukakhala ndi wachitatu, makamaka chakumapeto kwa mzere, adani amayamba kulota. Mpira wogwidwa kumapeto kwa mzere ndi wokoma koposa kwa othamanga, chifukwa umakhala kale pafupi ndi pakati pa bwalo. Blindside wamtali amapereka zimenezi. Ndipo kufunika kwake kwakula chifukwa ma try ochuluka masiku ano amayambira pa lineout: timu ikapeza penate imamenyera mpira pakona, n'kugwira lineout mamita asanu kuchokera pa mzere wogoletsera, n'kupanga maul, mulu woyenda wokankhana mpira uli m'manja. Lamulo la 50:22, limene linayamba kuyesedwa pa dziko lonse mu 2021, linawonjezeranso njira ina yopezera lineout pafupi ndi mzere wa adani.

Koma kutalika si zonse, ndipo umboni ndi Peter O'Mahony wa ku Ireland. Iye sanafike pa msinkhu wa ma lock a mayiko, koma kwa zaka zambiri anali mmodzi mwa akuba mipira oopsa pa lineout. Anali wopepuka, choncho omunyamula ankamuponya m'mwamba mofulumira, ndipo ankadziwa kuwerenga mapazi a adani. Wodumpha wolemera makilogalamu 125 amafika pamwamba mochedwa, ndipo omunyamula akamafika mphindi ya 70 mikono imakhala italema. Mnyamata amene akuganiza kuti sangakhale wofunika pa lineout chifukwa sanafike mamita awiri aphunzire kwa O'Mahony.

Scrum ndi lineout zikatha, mpira ukamayenda, kusiyana kumaonekeranso. Matimu ambiri amagawa ma forward m'timagulu m'lifupi mwa bwalo. Njira yotchuka ndi ya 1-3-3-1: mmodzi kumphepete uku, atatu, atatu ena, ndi mmodzi kumphepete uko. Ma lock amakhala m'timagulu ta pakati. Amalandira mpira kwa scrum-half n'kukagunda khoma la anthu akuluakulu amene akuwadikira, n'kupeza mita imodzi kapena awiri. Mnzawo akagwetsedwa, amafika pa ruck, mulu wolimbirana mpira uli pansi, kudzachotsa adani amene akufuna kulanda mpira. Akamaliza apa, adzuke, apite pa ruck ina. Palibe amene amajambula zimenezi n'kuziika pa Facebook. Eben Etzebeth, amene mu 2024 anapitirira masewera 127 a Matfield n'kukhala wosewera amene wavala jezi ya Springboks, timu ya South Africa, kambiri kuposa wina aliyense, wakhala akuchita ntchito imeneyi kuyambira 2012, ndipo zambiri zimene amachita woonera wamba saziona.

Blindside nthawi zambiri ndi mmodzi wa aja a kumphepete, kapena amayendayenda pakati pa timagulu. Kumeneko kuli malo, koma malowo amabwera ndi ngongole. Ayenera kugwira mpira wobwera mwaliwiro kuchokera patali, kukoka wotchinga, n'kupatsira wing pa nthawi yake. Potchinga amakumana ndi ma centre, othamanga a pakati pa bwalo, ndi ma fullback, anthu amene sabwera molunjika koma amakuzemba ndi phazi limodzi. Kugwetsa prop amene akubwera ngati ngolo n'kopweteka koma n'kosavuta kumvetsa. Kugwetsa munthu wopepuka amene ali ndi mamita khumi oti asankhe kodzera ndi luso lina. Kwa munthu wamtali palinso vuto la malamulo a masiku ano, amene salekerera kugunda mutu wa mdani. Ukachedwa kuwerama, phewa lako limapeza chibwano cha munthu, ndipo kadi imatuluka. Courtney Lawes wa ku England, wamtali kuposa mamita awiri, anatchuka chifukwa chotha kudzipinda n'kudula anthu m'munsi, ndipo luso limenelo ndi limodzi mwa zimene zinamuthandiza kusamuka.

Ulendo wa Lawes ndi umene osewera ambiri amaulakalaka. Anayamba ngati lock ku kalabu ya Northampton Saints, n'kusewera fainolo ya 2019 pa malo omwewo, koma m'zaka zake zomaliza anakhazikika pa blindside. Anayamba pa nambala 6 m'masewera onse atatu a British and Irish Lions, timu yophatikiza osewera a ku Britain ndi Ireland, ku South Africa mu 2021, ndipo anasiya kusewerera England pambuyo pa chikho cha 2023 atavala jezi yake ka 105. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri amati anasewera bwino koposa atapitirira zaka 30, nthawi imene ena amayamba kuchepa liwiro. Chimene chinasintha ndi mmene ankanyamulira mpira: anaphunzira kusuntha mapazi asanagundane ndi munthu, m'malo mongolowa ngati nkhosa yamphongo.

Nkhani ya Maro Itoje inapita kwina. Mu Six Nations ya 2017, mpikisano wa mayiko asanu ndi limodzi a ku Ulaya, osewera ena atavulala, mphunzitsi wa England pa nthawiyo, Eddie Jones, anamuveka 6, pomwe Lawes ndi Joe Launchbury anali ma lock. England inatenga chikhocho, koma pa scrum nthawi zina ankasinthana, Itoje n'kulowa mkati, Lawes n'kutsamira m'mbali. Jezi inkanena china, matupi ankanena china. Patapita nthawi aliyense anapita kumene thupi lake linkalozera, ndipo Itoje anatsogolera Lions ku Australia mu 2025 ali lock. Pa ulendo womwewo Tadhg Beirne wa timu ya Munster ku Ireland, amene Ireland imamugwiritsa ntchito kwambiri ngati lock, anavala 6 m'masewera onse atatu. Beirne ndi wa mtundu wosowa: amadumpha ngati lock, koma amalanda mpira pansi ngati openside.

Kwa amayi nkhani ndi yomweyo. Zoe Aldcroft anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa pa dziko lonse mu 2021 akudziwika ngati lock, koma pamene ankanyamula chikho cha dziko lonse ngati kaputeni wa England mu Seputembala 2025, atagonjetsa Canada 33-13 ku Twickenham, anali pa blindside.

Mwina mwaona kuti onse amene ndawatchulawa anachoka mkati kupita kunja. Ulendo wobwerera, kuchoka pa blindside kulowa pa lock, ndi wovutirapo, ndipo New Zealand yomweyo inalawa zimenezi. Pa 5 Novembala 2016, ku Soldier Field mumzinda wa Chicago, ma lock awo odalirika, Brodie Retallick ndi Sam Whitelock, kunalibe. Hansen anaika Jerome Kaino pa lock. Kaino si munthu wamba: ndi blindside amene anatenga chikho cha dziko lonse kawiri, mu 2011 ndi 2015, wogwetsa anthu moopsa. Koma tsiku limenelo lineout ya New Zealand inasokonekera, maul ya Ireland inayenda, ndipo Ireland inapambana 40-29, koyamba m'zaka 111 zokumana ndi New Zealand, n'kudula mndandanda wa masewera 18 amene New Zealand inapambana motsatizana. Sikuti Kaino yekha ndi amene anachititsa kuti timu igonje, koma New Zealand inataya zinthu ziwiri nthawi imodzi: sinapeze lock weniweni, ndipo inasowa blindside wake wabwino. Tsiku lomwelo mnyamata wina analowa kuchokera pa benchi kusewerera New Zealand koyamba, n'kugoletsa try. Dzina lake Scott Barrett.

Nanga bwanji aphunzitsi amakondabe osewera a malo awiri? Yankho lili pa benchi. Pa tsiku la masewera timu imalemba anthu 23, kutanthauza kuti olowa m'malo ndi asanu ndi atatu. Atatu mwa iwo ayenera kukhala a mzere woyamba wa scrum, chifukwa malo amenewo munthu wosaphunzira akhoza kuthyoka khosi. Otsala asanu ayenera kuphimba malo khumi ndi awiri. Mwachizolowezi ma forward amakhala asanu, othamanga atatu, ndiye kuti ma lock awiri ndi a mzere wa kumbuyo atatu amadalira anthu awiri okha. Munthu mmodzi wotha kulowa pa lock komanso pa blindside amamasula mpando wathunthu. N'chimodzimodzi posankha opita ku chikho cha dziko lonse, kumene mu 2023 dziko lililonse linkaloledwa osewera 33 okha. Aphunzitsi a South Africa, Rassie Erasmus ndi Jacques Nienaber, anapita nayo patali nkhaniyi: mu 2019 ankaika ma forward asanu ndi mmodzi pa benchi, ndipo mu fainolo ya 2023 anaika asanu ndi awiri, wothamanga mmodzi yekha, Willie le Roux. Zotere zimatheka ukakhala ndi anthu ngati Franco Mostert ndi Du Toit, amene ungawasunthe masewera ali mkati popanda nyumba kugwa.

Komabe akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Wosewera wa malo awiri amasankhidwa msanga pa mndandanda wa 23, koma kawirikawiri amavala 19 kapena 20, osati 4 kapena 6. Mphunzitsi amamukonda kwambiri moti safuna kumuyambitsa, chifukwa pa benchi ndi pamene amathetsa mavuto ambiri. Thupi nalonso silivomera mabwana awiri. Kuti ukhale lock wodalirika kumbuyo kwa nambala 3 uyenera kuwonjezera makilogalamu, ndipo makilogalamu omwewo ndi amene amakuchedwetsa ukamathamangitsa fullback kumphepete. Ukachepetsa kuti uthamange, prop wako amamva kuti kumbuyo kwapepuka. Amene amakwanitsa zonse ziwiri pa mlingo wa mayiko ndi owerengeka, ndipo n'kulakwa kuuza mnyamata aliyense wamtali kuti akhale Du Toit.

Ine ndimaona kuti vuto lalikulu limayambira kusukulu ndi m'makalabu ang'onoang'ono. Kumeneko mnyamata wamtali kuposa anzake amapatsidwa 4 kapena 5 tsiku loyamba, popanda funso. Ali ndi zaka 16, wafika mamita 1.90, ndipo aliyense akuti ndi lock wobadwa. Kenako kukula kumaima. Akafika kwa akuluakulu amapeza kuti ma lock a kumeneko ali pafupi ndi mamita awiri kapena kupitirira, ndipo amamuuza kuti asamukire ku flanker. Koma zaka zonse zija palibe anamuphunzitsa kupatsira mpira ndi dzanja lamanzere, kapena kutchinga pa malo otakasuka. Mnyamata wotere akanathandizidwa akanamasewera malo onse awiri adakali wamng'ono, kusankha n'kubwera thupi litanena lokha pamene laima. Palinso wina wosiyana naye: wamtali zedi, wamphamvu, koma wolemera miyendo, amene akufuna blindside chifukwa kumeneko ndi kumene kamera imaona. Ameneyo mphunzitsi wachilungamo amuuze zoona, kuti matimu amasakasaka lock weniweni ndi nyali masana, chifukwa anthu a msinkhu umenewo amene amakondanso ntchito yakuda ndi ochepa.

Njira yabwino yodziwira si tepi yoyezera msinkhu. Muoneni wosewerayo pa masekondi asanu oyamba scrum ikatha, komanso pa mphindi khumi zomaliza za masewera. Ngati akadzuka pa scrum maso ake amapeza mpira msanga ndipo mapazi amanyamuka okha, ngati akagwetsa munthu amadzuka n'kukagwetsa wina kumbali ina ya bwalo, muli ndi blindside. Ngati amasangalala scrum ya adani ikamabwerera m'mbuyo ngakhale iye sanakhudze mpira kwa mphindi 20, ngati maul ikayamba iye ndi amene amalowa pakati n'kuiphwasula, musamuchotse mkatimo. Ndiyeno muyang'ane anzake. Blindside sasankhidwa payekha. Ngati openside ndi nambala 8 ndi afupi, timu imafuna wodumpha pa malowa. Ngati ma lock onse awiri ndi olemera, imafuna wothamanga. Ku Yokohama, Hansen anali kale ndi Retallick, Whitelock ndi Kieran Read, odumpha atatu abwino. Barrett anawonjezera chimene chinalipo kale, ndipo chimene chinachoka ndi Cane, liwiro lofika pa ruck, n'chimene Curry ndi Underhill anadyerera. Du Toit ku South Africa sanali kuyesedwa sabata imeneyo. Anali atakhazikika pa malowo kuyambira 2018, ndipo njira yonse yotchingira ya timuyo, yothamangira adani asanapume, inkadalira mapapo ake.

Barrett sanathere pa tsiku loipa lija. Mu Julayi 2022 anavalanso 6 pokumana ndi Ireland ku Eden Park, New Zealand n'kupambana 42-19, koma sabata yotsatira Whitelock atavulala anabwerera pa lock, ndipo patapita nthawi kumeneko ndi kumene anakhazikika mpaka kukhala kaputeni wa dziko lake mu 2024. Pa 28 Okutobala 2023, mu fainolo ya chikho cha dziko lonse ku Stade de France, iye ndi Du Toit anakumana m'bwalo limodzi, Barrett atavala 5, mutu uli mkati mwa scrum, Du Toit atavala 7, mutu uli kunja. South Africa inapambana 12-11. Du Toit anagwetsa anthu ka 28 usiku umenewo, ndipo amene anamva kwambiri mapewa akewo, mobwerezabwereza pakati pa bwalo, anali Jordie Barrett, mng'ono wake wa Scott.